Bedi, Namwino ndi Miyendo ya Okalamba: Mbiri ya Ntchito Yodzutsa Odwala M'chipatala

Pa ntchito zonse zimene namwino amagwira m'wodi ya anthu okalamba, palibe ina yooneka yopepuka koma yovuta kuisunga kuposa yoonetsetsa kuti wodwala amene analowa m'chipatala akuyenda yekha, akudzisambitsa ndiponso akudya ndi dzanja lake, atulukemo akuthabe kuchita zomwezo. Azachipatala amalitcha luso limeneli mphamvu yodzichitira zinthu za tsiku ndi tsiku, kutanthauza kudzuka pabedi, kupita kuchimbudzi, kuvala, kusamba ndi kudya popanda kudalira munthu wina, ndipo kwa munthu wa zaka 80 mphamvu imeneyi imatha kutayika m'masiku owerengeka ngakhale matenda amene anamugoneka atachizika bwinobwino. Mbiri ya ntchitoyi, imene mbali yake yaikulu inachitikira m'zipatala za ku Britain ndi ku America, ndi mbiri ya mmene bedi linalekera kukhala mankhwala n'kuyamba kuonedwa ngati chiopsezo, komanso ya mmene namwino anaphunzirira, mochedwa ndiponso mobwerezabwereza, kuti nthawi zina kusamalira wodwala n'kubweza manja ako kuti iye agwiritse ntchito ake.

M'zaka za m'ma 1800, pamene kunalibe mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda ndipo opaleshoni inali yoika moyo pachiswe, kupumula kunali chimodzi mwa zithandizo zochepa zimene dokotala akanatha kulamula ndi mtima wonse. John Hilton, dokotala wa maopaleshoni pa chipatala cha Guy's mumzinda wa London, anakamba nkhani zingapo kwa madokotala anzake pakati pa 1860 ndi 1862, zomwe zinasindikizidwa mu 1863 n'kudzatchuka ndi dzina lakuti Rest and Pain, ndipo chiphunzitso chake chinali chakuti ululu ndi chenjezo la thupi lopempha kuti chiwalo chovulala chisagwedezedwe. Chiphunzitsocho chinali choona pa fupa lothyoka kapena pa bondo lotupa, koma amene anabwera pambuyo pake anachikuza mpaka chinakuta thupi lonse ndi matenda onse, kotero kuti pofika m'ma 1930 munthu amene mtsempha wa mtima wake watsekeka ankagonekedwa pafupifupi milungu 6, nthawi zambiri osaloledwa ngakhale kudzidyetsa, mayi wobereka ankakhala pabedi kupitirira mlungu wathunthu, ndipo wodwala chifuwa chachikulu ankagona miyezi.

Unamwino wamakono unabadwa m'nyengo yomweyi ndipo unayamwa maganizo ake. Sukulu ya anamwino imene Florence Nightingale anatsegula pa chipatala cha St Thomas' mu 1860 inaphunzitsa luso limene lonse linazungulira munthu wogona: kumusambitsa ali chigonere, kusintha nsalu zoyala iye osatsika, kumumwetsa ndi kapu ya mlomo, kumulowetsera kabeseni kodzithandiziramo. Luso limeneli linapulumutsa anthu ambiri ku litsiro ndi ku njala, ndipo sikoyenera kulichepsa. Komabe linasiya chithunzi cha wodi yabwino chimene chinatenga zaka zambiri kuti chiyambe kufufutika, chithunzi cha mabedi ondandalikidwa mizere iwiri, nsalu zokungidwa ngati chikopa cha ng'oma, ndi odwala onse ali phee m'zofunda pamene dokotala wamkulu akuyendera. Nightingale mwiniyo anaphunzitsa m'buku lake la Notes on Nursing la mu 1859 kuti chilonda cha pabedi, chomwe chimabuka pamene fupa lafinya khungu pa matiresi kwa nthawi yaitali, kawirikawiri chimaulula kulephera kwa chisamaliro osati kukula kwa matenda, ndipo kuyambira pamenepo luso la namwino linayamba kuyezedwa ndi khungu la wodwala. Za miyendo yake panalibe wofunsa.

Amene anapwetekedwa koposa ndi mwambo umenewu anali okalamba osauka. Lamulo la osauka la ku England la mu 1834 linasonkhanitsa anthu opanda pogwira m'nyumba zotchedwa workhouse, momwe munthu ankapatsidwa chakudya ndi pogona posinthana ndi ntchito yakalavulagaga, ndipo popeza amphamvu ankazithawa nyumbazi akangopeza mpata, m'kupita kwa nthawi zinadzaza ndi okalamba, olumala ndi odwala matenda amgonagona. Poyamba odwalawa ankasamalidwa ndi amphawi anzawo osaphunzitsidwa chilichonse, kufikira mu 1865 pamene Agnes Jones anapita ndi anamwino 12 a sukulu ya Nightingale ku chipatala cha workhouse ya ku Brownlow Hill mumzinda wa Liverpool, pogwiritsa ntchito ndalama za munthu wamalonda William Rathbone. Jones anamwalira mu 1868 atatenga matenda a typhus pantchito yomweyo, koma chitsanzo chake chinafalikira kumizinda ina. Ukhondo unabwera, chakudya chinasintha, koma cholinga chinakhalabe chosunga munthu kufikira imfa osati chomubwezera kwawo. Zipatala zophunzitsira madokotala sizinkakonda kulandira anthu otere chifukwa ankaonedwa ngati osachiritsika, motero madokotala ambiri ankamaliza maphunziro asanaonepo kuti wokalamba wofa ziwalo angathe kuyambanso kuyenda. Kwa namwino mmodzi wosiyidwa ndi odwala makumi angapo usiku wonse, munthu wogona anali wosavuta kusunga kusiyana ndi woyenda modzandira, ndipo zitsulo za m'mbali mwa bedi zinkagwira ntchito imene manja ochepawo sakanaikwanitsa.

Kusintha kunayambira ku Isleworth, kumadzulo kwa London, mu 1935. Lamulo la mu 1929 linali litapereka zipatala za osauka m'manja mwa makhonsolo, ndipo chipatala cha West Middlesex chitatenga nyumba ya odwala osauka yoyandikana nacho, wachiwiri kwa mkulu wa madokotala, Marjory Warren, anapatsidwa odwala 714 amene onse ankangotchedwa osachiritsika. Iye anapeza anthu a misinkhu yosiyana ndi matenda osiyana ataunjikidwa pamodzi, ambiri opanda ngakhale dzina lenileni la matenda awo, ogona kwa zaka mpaka mawondo atapindika osawongokanso, minofu itafota, mkodzo ukungotayika, ndiponso mtima wofuna kudzithandiza utazilala. Warren anayamba ndi chinthu chimene palibe anali atachilabadira, chomwe ndi kupima wodwala aliyense payekha n'kuwagawa m'magulu molingana ndi zimene angathe kuchita, ndipo potero anazindikira kuti ambiri anali olumala chifukwa cha bedi lenilenilo osati chifukwa cha matenda amene anabwera nawo. Kenaka anasintha wodi yeniyeniyo: makoma akuda anapakidwa utoto wowala, nyale zinawonjezedwa, mabedi ataliatali analowedwa m'malo ndi afupi oti mapazi a munthu afike pansi, ndipo anakonza zogwirira kuti woyenda apeze potsamira.

Mbiri imatchula dzina la Warren, ndipo m'pake, koma dokotala mmodzi sadzutsa anthu 714 ndi manja ake awiri. Amene anawongola mawondo ouma m'mawa ulionse, amene anaperekeza kuchimbudzi munthu woti wakhala zaka asanatsike pabedi, ndiponso amene anapirira kuona supuni ikunjenjemera m'dzanja la wodwala osailanda, anali anamwino a m'mawodi amenewo, omwe mayina awo sanasungidwe m'mabuku otchuka. Lamulo la Warren linali lakuti chilichonse chimene wodwala angathe kudzichitira asachitiridwe, ndipo kwa namwino wophunzitsidwa kuti ubwino wake uli m'kutumikira mwachangu, lamulo limeneli linali ngati kumuuza kuti avule theka la maphunziro ake. Zotsatira zake zinatseka pakamwa otsutsa, pakuti odwala ambiri anabwerera kwawo kapena kunyumba zosungirako okalamba, ndipo mabedi ofunika kwa odwala amgonagona anatsika osafika theka la poyamba. Warren anafotokoza ntchitoyi m'magazini ya British Medical Journal mu 1943 ndi ya The Lancet mu 1946, ndipo mu 1947 iye ndi anzake, kuphatikizapo Lionel Cosin amene ankadzutsa okalamba othyoka fupa la m'chiuno ku Orsett ndipo kenaka ku Oxford, anakhazikitsa bungwe limene linadzakhala British Geriatrics Society. Mawu akuti geriatrics, otanthauza nthambi ya zachipatala yoona za okalamba, anali atapekedwa kale mu 1909 ndi Ignatz Nascher wa ku New York, koma anapeza thupi lake m'mawodi a ku Isleworth, ndipo boma la Britain litakhazikitsa chithandizo chaulere cha National Health Service mu 1948, nthambiyi inalowa m'dongosolo la zipatala zake.

M'zaka zomwezo madokotala a nthambi zina anayambanso kulikayikira bedi, mbali ina chifukwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inachepetsa mabedi ndi anamwino mpaka odwala anayenera kudzutsidwa msanga, ndipo zinapezeka kuti odzutsidwawo ankachira bwino kuposa ogona. Daniel Leithauser wa ku Detroit ankayendetsa odwala ake pasanathe tsiku chichitikireni opaleshoni ndipo analemba buku la njirayi mu 1946. William Dock anafotokoza zoipa zotsatira kugona kotheratu mu 1944. Richard Asher wa pa chipatala cha Central Middlesex analemba nkhani yake yotchuka ya kuopsa kwa bedi mu 1947. Ndipo mu 1952 Samuel Levine ndi Bernard Lown a ku Boston anaonetsa kuti odwala mtima amene akhazikidwa pampando m'malo mogonekedwa sankafa monga ankaopera madokotala anzawo. Chimene onsewa ankaona chili ndi chifukwa chake m'thupi. Munthu akagona kwa masiku, impso zimatulutsa madzi ambiri ndipo magazi amachepa, kotero kuti akaimirira magaziwo safika msanga kumutu ndipo amachita chizungulire. Magazi a m'mitsempha ya m'miyendo amayenda pang'onopang'ono n'kuundana, ndipo chibulumwa chikanyotsoka chimakatseka mitsempha ya m'mapapo. Makhololo amadikha kunsi kwa mapapo n'kubala chibayo. Matumbo amalefuka ndipo munthu amadzimbidwa. Mafupa amataya kashiamu. Minofu imene siikunyamula thupi imafota.

Kukula kwa vutoli kunayezedwa mu 1966 mumzinda wa Dallas, pamene anyamata 5 athanzi a zaka 20 anagonekedwa milungu 3 ndipo mphamvu ya mtima ndi mapapo awo yogwiritsa ntchito mpweya inatsika ndi magawo 27 pa 100 alionse. Anthu omwewo atapimidwanso patapita zaka 30, zinapezeka kuti milungu itatu ya pabedi inawafooketsa kuposa mmene zaka 30 za kukula zinachitira. Mu 2007 Patrick Kortebein ndi anzake ku Arkansas anagoneka kwa masiku 10 anthu athanzi a zaka pafupifupi 67, ndipo pa avareji aliyense anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo. Kusiyana kwa wamng'ono ndi wamkulu pa nkhaniyi kuli ngati kwa mabanja awiri pa nyengo ya njala: mnyamata ali ndi nkhokwe yodzaza, ndipo akatapamo dengu limodzi sizioneka, pamene wokalamba amene ankagwiritsa kale ntchito mphamvu yake pafupifupi yonse pongodzuka pampando watsala ndi chimanga cha pansi pa nkhokwe, kotero kuti dengu lomwelo ndi limene limasiyanitsa kubwerera kunyumba ndi kusadzatsikanso pabedi.

Anamwino anayamba kufufuza okha za ntchitoyi kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo dzina loyenera kukumbukiridwa pamenepa ndi la Doreen Norton. Pamodzi ndi namwino mnzake Rhoda McLaren ndi dokotala Norman Exton-Smith, iye anatsata odwala okalamba pa chipatala cha Whittington ku London, ndipo lipoti lawo la mu 1962, lotchedwa An Investigation of Geriatric Nursing Problems in Hospital, linali m'gulu la kafukufuku woyambirira wa ku Britain wochitidwa ndi anamwino pambali pa bedi penipeni. Iwo anaonetsa kuti mwambo wakale wotikita misana ya odwala ndi sopo kapena sipiriti sunali kuletsa zilonda, koma chimene chinkaziletsa chinali kuchotsa kulemera kwa thupi pamalo amodzi potembenuza wodwala pafupipafupi. Kuchokera m'kafukufukuyu munatuluka sikelo ya Norton, imene imapatsa wodwala manambala kuyambira 1 mpaka 4 pa zinthu zisanu, zomwe ndi thanzi lake, kutsitsimuka kwa maganizo ake, kuyenda kwake, kutha kudzitembenuza pabedi ndi kutha kugwira mkodzo ndi chimbudzi, ndipo amene wapeza 14 kapena kucheperapo pa 20 amaonedwa kuti ali pachiopsezo. Chofunika pa sikeloyi n'chakuti zinthu ziwiri mwa zisanuzo zikukhudza kusuntha kwa thupi, kutanthauza kuti namwino amene akufuna kuteteza khungu, nkhawa yake yakale ija, sangachitire mwina koma kufunsa za miyendo. Mu 1982 Norton anaitanidwa ku yunivesite ya Case Western Reserve mumzinda wa Cleveland kukakhala pulofesa wa unamwino wa okalamba.

Ku America, Virginia Henderson anafotokoza m'kabuku kamene bungwe la anamwino la padziko lonse linasindikiza mu 1960 kuti ntchito yeniyeni ya namwino ndi kuchitira munthu zimene iye akanadzichitira akanakhala ndi mphamvu, chifuno kapena nzeru, koma kuzichita m'njira yomuthandiza kuleka kudalira ena mwamsanga. Mu 1963 Sidney Katz ndi gulu lake la pa chipatala cha Benjamin Rose ku Cleveland, omwe anayamba ndi okalamba othyoka fupa la m'chiuno, anakonza muyezo wa zinthu 6 za tsiku ndi tsiku: kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kuchoka pabedi kupita pampando, kugwira mkodzo ndi chimbudzi, ndi kudya. Iwo anaona kuti zinthuzi zimatayika motsata ndondomeko, kusamba kukhala koyamba ndipo kudya komaliza, komanso kuti pochira zimabwerera monga momwe mwana amaziphunzirira, kuyambira pa kudzidyetsa. Kwa namwino ichi chinali chida cha mtengo wapatali, pakuti tsopano akanatha kulemba m'buku kuti wodwala amene Lolemba ankadzisambitsa, Lachinayi sakutha, ndipo kutayika kumeneko kunakhala chinthu chooneka ngati kutentha kwa thupi.

Komabe nzeru zimenezi sizinafike m'mawodi onse, ndipo kumene zinafika theka zinabala nkhanza za mtundu wina. Buku la Barbara Robb la mu 1967, lotchedwa Sans Everything, linaulula kuti m'zipatala zina za ku Britain zosungira odwala kwa nthawi yaitali okalamba ankalandidwa magalasi, mano oikirira ndi zipangizo zothandiza kumva, zinthu zenizeni zimene munthu amafunikira kuti ayende ndi kudya yekha. Boma linayamba lachepsa madandaulowo, koma zoipa zina zitaululika pa chipatala cha Ely ku Cardiff, mu 1969 linakhazikitsa bungwe loyendera zipatala zotere. M'mawodi ambiri lamulo lakuti wodwala asagone linasanduka mwambo womunyamula m'mawa n'kumukhazika pampando wokhala ndi thebulo lotseka kutsogolo, pomwe ankakhala tsiku lonse osaponda pansi, ndipo zilonda zinangosamuka kuchoka kumsana kupita kumatako. Ku America kunafala kumanga okalamba osokonezeka maganizo ndi malamba pabedi kapena pampando powopa kuti angagwe, mpaka anamwino awiri a ku yunivesite ya Pennsylvania, Lois Evans ndi Neville Strumpf, anaonetsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti malambawo ankafooketsa minofu, kukulitsa chisokonezo ndi kunyozetsa munthu popanda umboni woti ankamuteteza. Lamulo la mu 1987 lokonza nyumba zosungira okalamba m'dzikolo linachepetsa kwambiri mchitidwewu.

Pofika m'ma 1990 nkhaniyi inasamukira kuzipatala za matenda a mwadzidzidzi, kumene okalamba anali atachuluka ndipo masiku ogona anali atafupikitsidwa. Mu 1990 chipatala cha University Hospitals ku Cleveland chinatsegula wodi yapadera ya okalamba, yokhala ndi zogwirira m'makonde, mawotchi ndi makalendala akuluakulu, ndi zimbudzi zokwezedwa, ndipo chachikulu koposa n'chakuti anamwino anapatsidwa ulamuliro woyambitsa okha ndondomeko za kuyenda, kudya, kusamala khungu ndi kupita kuchimbudzi osadikira dokotala. Kafukufuku wa odwala 651 a zaka 70 kupita m'tsogolo, amene Seth Landefeld ndi anzake anasindikiza mu 1995, anaonetsa kuti mwa ogona m'wodi imeneyi 14 pa 100 alionse ndi amene anatumizidwa kunyumba zosungira okalamba, poyerekeza ndi 22 pa 100 a m'mawodi wamba. Mu 1992 kunayamba pulogalamu ya NICHE, yotsogoleredwa ndi anamwino monga Terry Fulmer, imene imaphunzitsa namwino mmodzi kapena angapo pa wodi iliyonse kuti akhale mlangizi wa anzake pa za okalamba. Ku Yale, Sharon Inouye anaonetsa mu 1999 kuti kuyendetsa odwala, kuwamwetsa madzi, kuwabwezera magalasi ndi kuwalola kugona usiku popanda mapiritsi a tulo kunachepetsa delirium, chisokonezo cha maganizo chobwera mwadzidzidzi pa matenda, kuchoka pa 15 kufika pa 10 pa 100 alionse.

Umboni wonsewu ulipo, koma kafukufuku wa Kenneth Covinsky wa mu 2003 anapezabe kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 70 kupita m'tsogolo ankatuluka m'chipatala akulephera chinthu chimene ankachitha asanadwale. Chifukwa chake chimaoneka bwino munthu akaima pambali pa bedi m'mawa. Kusambitsa wodwala ali chigonere, kumuveka thewera ndi kumufunditsa kumatha m'mphindi zochepa ngati anamwino ali awiri. Kumudzutsa ndi nkhani ina: namwino amayamba wamuveka magalasi ndi kachipangizo kothandiza kumva, popeza wosaona ndi wosamva sangatsate malangizo, amatsitsa bedi, n'kumukhazika m'mphepete miyendo ili lende, n'kudikira kuti chizungulire chithe, amamuveka nsapato zosaterera, amakoloweka thumba la diripi pachitsulo choyenda nacho, ndipo amaima kumbali yofooka, dzanja lili kumsana, pamene wodwalayo akukankha matiresi ndi zikhatho kuti aimirire. Kubafa amamupatsa kansalu ndi sopo kuti asambe kumaso ndi pachifuwa yekha, iye n'kungomutsuka kumsana ndi kumapazi kumene sangafike, ndipo pa batani la malaya limene zala zanyamakazi zikulimbana nalo amayenera kuugwira mtima ngakhale belu la wodwala wina likulira. Ntchito yotereyi imadya nthawi yochuluka kuposa yoyamba ija, ndipo phindu lake silioneka tsiku lomwelo. N'chifukwa chake Beatrice Kalisch wa ku yunivesite ya Michigan, atafufuza ntchito zimene anamwino amasiya akapanikizika, anapeza kuti kuyendetsa odwala kuli pamwamba penipeni pa zosiyidwazo.

Pali chifukwa china chimene chinachokera m'maofesi osati m'mawodi. Kuyambira mu Okutobala 2008 boma la America linaleka kulipira zipatala ndalama zochizira kuvulala kobwera chifukwa cha kugwa m'chipatala, ndipo kugwa kulikonse kunayamba kuwerengedwa, kulembedwa ndi kufunsidwa kwa namwino amene anali pantchito. Cholinga chinali chabwino, koma njira yachidule yochepetsera kugwa ndi kuletsa kuyenda, ndipo pamene wodwala wogwa amabweretsa mafomu ndi mafunso, wodwala amene miyendo yake yafota mwakachetechete sabweretsa funso lililonse. Mabedi anaikidwa tizipangizo tolira munthu akangodzuka, ngakhale kuti kafukufuku wa Ronald Shorr wa mu 2012 sanapeze kuti timachepetsa kugwa. Cynthia Brown wa ku Birmingham m'chigawo cha Alabama anamangirira timakina toyeza kusuntha pa matupi a okalamba amene onse ankatha kuyenda asanagonekedwe, ndipo mu 2009 anaonetsa kuti ankathera magawo 83 pa 100 a nthawi yawo atagona, n'kumaima kapena kuyenda pafupifupi mphindi 43 zokha patsiku. Panabukanso chizolowezi chokankhira ntchitoyi kwa akatswiri a mafizo, amene amaona wodwala kwa mphindi zowerengeka patsiku, pomwe maola ena onse, usiku ndi Lamlungu lomwe, wodwalayo amakhala m'manja mwa namwino. Kuwerengera kugwa kokha osawerengera masitepe amene wodwala waponda kunali kulakwitsa kwakukulu, ndipo amene analipira mtengo wake ndi okalamba.

Mu 2016 anamwino a ku Britain, motsogozedwa ndi Brian Dolan ndi anzake a m'zipatala za ku Nottingham, anayambitsa kampeni yotchedwa EndPJparalysis, imene mfundo yake ndi yakuti munthu wovala zovala zogonera masana amadziona ngati wodwala woyenera kugona, pamene wovala malaya ake ndi nsapato zake amakumbukira kuti ali ndi kwawo. Mu 2018, pokumbukira zaka 70 za National Health Service, mkulu wa anamwino ku England, Jane Cummings, anatsegula mpikisano wa masiku 70 wowerengera odwala amene avala ndi kuyenda tsiku lililonse. Zimene ankalimbikitsa zinali zomwezo zimene Warren anachita mu 1935, ndipo kufunika kozilengezanso patatha zaka zoposa 80 kukusonyeza mmene nzeruyi imasungunukira msanga anamwino akachepa. Kudzutsa wodwala kumafunanso kuweruza bwino, pakuti kafukufuku wamkulu wa AVERT, wotsogoleredwa ndi Julie Bernhardt wa ku Australia ndipo wokhudza odwala sitiroko oposa 2,000, anapeza mu 2015 kuti kuwadzutsa mwamphamvu ndiponso pafupipafupi pasanathe maola 24 kunachepetsa mwayi wawo wochira bwino.

M'zipatala za boma za m'Malawi, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, nkhaniyi imaoneka mwa mtundu wina, chifukwa ntchito yosambitsa, kudyetsa, kutembenuza ndi kuperekeza wodwala kuchimbudzi imagwiridwa kwambiri ndi wachibale wodikira matenda, amene aliyense amamutcha gadiyani, pamene namwino mmodzi ali kalikiliki ndi mankhwala, madiripi ndi mabala a odwala ambirimbiri. Gadiyani ali ndi chuma chimene namwino wa ku Cleveland kapena ku Nottingham amachisowa, chomwe ndi nthawi, pakuti amakhala pambali pa wodwala mmodzi usana ndi usiku; koma amabweranso ndi mwambo waulemu umene umamuuza kuti kuonerera agogo akulimbana ndi supuni ndi mwano, ndipo mawu omveka m'wodi amakhala akuti gonani agogo, musadzivute, ndikuchitirani ndine. Anamwino ambiri a ku Malawi amene anapita kukagwira ntchito ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anakapeza kumeneko mafomu a masikelo ngati ya Norton ndi malamulo odzutsa odwala, pamene anzawo otsala kumudzi ntchito yomweyo amaigwira makamaka ndi pakamwa, pophunzitsa gadiyani. Pozungulira m'mawa namwino amatha kumusonyeza mmene angakhazikire agogo m'mphepete mwa bedi mapazi ali pansi, mbali imene aziima powayendetsa kupita pakhonde, kuti ndodo yawo aibweretse kuchokera kumudzi, ndiponso kuti phala likafika awakhazike tsonga, mbale aigwire iye, koma supuni ikhale m'dzanja la agogowo.